Moni wa Asewele Anga a ku Bulugariya

Sabata yathayi ndinatsala pang'ono kuthamangitsa mlendo pakhomo panga. Sindinamutukwane, sindinamumane madzi. Ndinkamupatsa ulemu m'mawa uliwonse, ndipo ulemu womwewo ndi umene unamulongedzetsa chikwama.

Mukuseka? Khalani pansi mumve.

Mlendoyo ndi a Stoyani, asewele anga. Amene mwakhalitsa kuno ku Madumabisa, komboni yathu ya ku Hwange, mukumudziwa Filimoni, mwana wanga wachisamba. Zaka zija boma linkatumiza ana kukaphunzira kumayiko ozizira, iye anapita ku Bulugariya kukaphunzira za makina. Anabwerako ndi zinthu ziwiri, setifiketi ndi mkazi. Setifiketi tinkaiyembekezera.

Mkaziyo ndi Elena. Ndinene pano, aliyense amve: mwa apongozi anga onse palibe womuposa khalidwe. Chinyanja anachiphunzira, ngakhale amachisakaniza ndi Chindebele cha ku Bulawayo kumene amakhala. Pamaliro sakhala pampando ngati mlendo, amakhala kumoto ndi amayi anzake. Koma bambo ake ndinali ndisanawaonepo. Ukwati uja unamangidwa kutali, akuluakulu a mbali ziwiri osakhalirana pansi, ndipo zimenezi zinkandikhala pamtima zaka zonsezi.

Chaka chatha mayi ake a Elena anamwalira. A Stoyani atatsala okha anati akufuna aone ndi maso kumene mwana wawo anakwatiwa, ndi kwa yani. Kuthera ku Bulawayo anakana. Anati afike mpaka kuno ku Hwange, kwa bambo wa mnyamatayo. Iwo akalamba, inenso ndakalamba. Ulendo wotere munthu saubwereza. Tikalephera kumvana panopa ndiye kuti basi, tidzafa tili alendo, ndipo wosenza zimenezi ndi Elena.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Koma pakamwa panga pali Chinyanja, Chindebele, Chinambya cha pamsika, Chingerezi chokwanira kukangana ndi kalaliki, ndi Chilapalapa cha pansi pamgodi. Sindinafune kulandira asewele anga nditangoti duu ngati chitsa. Elena atabwera mwezi watha kudzakonza za ulendowu, ndinamuitanitsa.

"Amake Tadala, kwanu munthu amapatsidwa moni bwanji?"

"Ulipo wamitundu iwiri, baba. Akuluakulu ndi anthu amene simuwadziwa mumati zidiraveyite. Abale ndi anzanu mumati zidiravei. Achinyamata amangodula, zidirasiti."

"Kutanthauza chiyani?"

"Woyambawo, khalani athanzi. Wachiwiriwo, khala wathanzi."

"Ndiye wachiwiriwo ndi wa iwe."

"Eya, baba. Kungoti..."

"Musunge umenewo. Mundiphunzitse wautaliwo."

Ine ngakhale mpongozi wangayo, mwana wa dzana, sindinamutchulepo iwe. Ndiye bambo ake?

Mawu a anthuwa alibe popumira. Zilembo zimathinana ngati anthu pamzere wa buledi masiku ano. Ndinkayeserera kuseri kwa nyumba, m'mawa, pothirira masamba. Nkhuku zanga zinalandira ulemu umene sizinaulandirepo chibadwire. Amake Filimoni, mkazi wanga, anandipeza ndikuweramira tambala.

"Mwayamba malilime, mkulu wa mpingo? Ndikauze abusa?"

"Pitani mukaone madzi anu pamoto."

Ndinaphunziranso dobiro utiro, wa m'mawa, ndi dobari deni, wa masana. Pofika tsiku la ulendo ndinali wokonzeka.

Loweruka m'mawa Filimoni anakawatenga a Stoyani pa Thomson Junction. Ine kusiteshoni sindinapite. Mwini khomo amadikira pakhomo. M'galimoto munatuluka munthu wamfupi, wamapewa otambalala, ndevu za pamlomo zoyera ngati ufa, nkhope itafiira ndi dzuwa lathu lija losadziwa mlendo. Atangolowa pageti anatambasula manja onse awiri, akulankhula mokweza.

Ife tinachita mwakwathu. Amake Filimoni anawalandira chikwama osanena kanthu. Ine ndinawalozera mpando pansi pa mtengo wa mango. Anapatsidwa madzi. Tonse tinakhala pansi, chete, kudikira kuti mtima wa mlendo utsike. Kodi munthu wa paulendo amapatsidwa moni ali chiimire ngati wodzadula magetsi? Amayamba wapuma. Umu ndi mmene anandilerera bambo anga, ndipo umu ndi mmene ndidzafere.

Nditaona kuti thukuta lauma, ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, ndinagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, ndinawerama pang'ono.

"Zidiraveyite."

Linatuluka bwino, lopanda banga. A Stoyani anadzimenya pantchafu, n'kudumpha pampando.

"Zidiravei, sivate!"

Ndisanadziwe chimene chikuchitika anali atandikumbatira, ndevu zija zili patsaya langa. Anandipsompsona. Ine. Amayi oyandikana nafe ali pampanda akuonerera.

"Sivate ndiye asewele, baba," anatero Elena mofulumira.

Liwu limenelo ndinalibe nalo mlandu. Ndinakondwa kumva kuti nawonso ali nalo dzina la chibale chimenechi. Koma linzake lija ndinalimva bwinobwino. Linali lalifupi. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinakonza jekete, ndinabwereza langa pang'onopang'ono kuti amve pamene liwu limathera.

Kenako Elena anagwada kundipatsa moni, monga amachitira nthawi zonse. Ndinaona nkhope ya bambo ake ikusintha. Ananena mawu angapo akuthwa, mwana wawo anayankha motsitsa, nkhani inathera pomwepo. Ine ndinkayesa kuti yathera pomwepo.

Lamulungu m'mawa, iwo zidiravei, ine zidiraveyite. Lolemba chimodzimodzi. Lachiwiri anandipeza kudimba ndikuthirira, anavula nsapato, anatenga chitini kuti andithandize. Ndinawalanda, ndinawabwezera pampando wawo. Asewele anga athirire repu anthu akuona? Lachitatu anatuluka m'chipinda, anayang'ana pansi, anati, "Dobiro utiro," mouma ngati munthu wofika pawindo la ofesi. Mumtima ndinati, aphunzira. Ndinadya phala langa ndi mtendere.

Mungafunse kuti Filimoni anali kuti, iye amene amadziwa mbali zonse ziwiri. Analipo. Mwana wanga amamasula injini ya sitima n'kuibwezera, koma kuuza bambo ake kuti apa mwaphonya sanaphunzire. Ndinamulera choncho.

Musanandiweruze, mundimve. Achinyamata inu simunatsikepo pansi nthawi ija.

Chilapalapa, chilankhulo cha mumgodi, chilibe inu. Chili ndi wena basi, ndiye kuti iwe. Bambo anga anayenda wapansi kuchokera ku Dedza kudzakumba malasha kuno. Kwawo anali munthu woti akatsokomola pabwalo anthu amasiya kulankhula. Kuno kamnyamata kachizungu kopanda ndevu, kongotsika kumene sitima, kankawaitana ndi chala: "Wena, boyi, buya lapa." Ine ndinalowa ntchito, ndinalandira wena yemweyo. Ndinamera imvi ndili wena. Nditakula anandikweza kukhala madala, koma wena sanachoke. "Kanjani wena, madala." Tsiku limene ndinabweza nyali ndi chisoti komaliza, ndinalumbira kuti mzungu sadzanditchulanso iwe, kaya m'chilankhulo chanji. Ndiye abwere wina, pakhomo panga, pampando wanga, anditchule iwe m'Chibulugariya?

Komanso kwathu chibale cha ukwati sichichepetsa ulemu. Chimauwonjezera. Mnzako wa paubwana mukhoza kutchulana maina achipongwe mpaka mano kutha, koma mwana wake akakwatira mwana wako, tsiku lomwelo wasanduka inu. Asewele ndi munthu amene wakupatsa mwana wake. Ungamuitane ngati mnzako wa pabawo?

Ndipo mukudziwa zimene ndakhala ndikulemba patsamba lino za moni wa masiku ano. Mwana akudutsa, manja m'thumba, osachepetsa ndi liwiro lomwe: "Zithini, khulu?" Ukamufunsa m'Chinyanja akuyankha m'Chindebele, ndipo Chindebelecho si chija cha salibonani, linjani, chimene eni ake amachilemekeza. Mawu amene ndinalemba sindikubweza ngakhale limodzi. Moni wothamanga si moni.

Kuno timadzitama kuti ndife akatswiri a moni. Tinakulira m'komboni, khomo ili wa ku Tete, khomo ilo wa ku Chipata, uko Mtonga, uko Mnambya. Aliyense timamulonjera mwakwawo. Choncho ndinkayesa kuti Chibulugariya ndi khomo lina chabe pamzere womwewo. Uloweze liwu, uwerame, zatha.

Lachinayi masana ndili pakhonde, amake Filimoni anabwera n'kukhala pamkeka. Akakhala osaitanidwa ndimadziwa kuti kuli mlandu.

"Asewele anu akulongedza. Akwera sitima ya mawa madzulo."

"Anati akhala masabata awiri."

"Anati. Asanakumane ndi inu."

"Ndawalakwira chiyani? Nkhuku ndawaphera. Bedi ndawasiyira langa. Moni ndawaphunzirira wa kwawo, ndi mano atsalawa."

"Mpongozi wanu ali kuseri kwa khitchini, maso ali psuu. Akuti ndi utsi. Ine moto sindinasonkhe."

"Ulemu sunaphepo munthu."

"Sunaphe. Koma ukukweza munthu sitima."

Ndinati amuitane Elena. Anabwera, anagwada chapatali.

"Amake Tadala, nenani zonse. Musasankhe."

Anayamba mozungulira, ndinamuuza kuti ine si mwana. Ndiye ananena. Bambo ake akuti anawoloka nyanja kudzaona m'bale. Atafika, manja awo anasiyidwa m'malere, anakhazikidwa pampando anthu onse ali chete, ngati munthu wodikira mlandu. Kwawo moni ndi wa pakhomo pomwepo, mokweza, ndipo anthu akakhala chete ndiye kuti wabwera pamene sukufunidwa. Kenako anaona mwana wawo, amene anamuphunzitsa mpaka kukhala namwino, ali m'fumbi pamaso pa mwamuna. Atafuna kugwira nane ntchito ndinawalanda chitini. Ndipo m'mawa uliwonse iwo amandipatsa moni wa chibale, ine ndimawabwezera wa kuofesi.

"Wa kuofesi bwanji? Munati ndi wa akuluakulu."

"Ndi wa akuluakulu amene simudya nawo mbale imodzi, baba. Bambo anga moni umenewo ankapatsa mamanijala a mgodi, apolisi ndi madokotala. Kwathu munthu wamkulu akakupatsani waufupi, wakutsegulirani chitseko. Mukabweza wautali, mwachitseka. Akuti mwina simunafune kuti mwana wanu akwatire ine, ndipo mpaka lero simunavomere."

Mawu omalizawo anawanena akuyang'ana pansi. Ndinadziwa kuti funsolo silinali la bambo ake okha.

"Iwowo sanali manijala?"

Ndinkadziwa kalekale kuti a Stoyani ankagwira ntchito kumgodi wa malasha, kutauni ina ya kwawo yotchedwa Perniki. Koma mukandiuza za mzungu wa kumgodi, ine ndimaona munthu wa kabudula wosita, kandodo kali m'manja.

"Anali wokumba, baba. Wa fosholo."

"Mzungu wa fosholo?"

"Kwathu kulibe wina womugwirira mzungu fosholo."

Amake Filimoni anaseka chapansipansi. "Mwamva? Sabata yonse mwakhala mukuweramira munthu wa fosholo ngati bwana. Inu amene munalumbira."

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Imeneyo ndinailandira. Koma sindine munthu wotembenuka ngati chitumbuwa m'mafuta. Ndinauza Elena kuti akawafotokozere bambo ake za kwathu: kuti kukhala chete kuja ndi mpumulo wa mlendo, kuti kugwada si ukapolo, kuti inu wa asewele ndi wolemera kuposa inu wa bwana. Anapita. Anabwerako dzuwa litapendeka.

"Amva, baba. Akuti pepani, sankadziwa. Koma apitabe. Akuti sangathe kukhala masabata awiri m'nyumba ya munthu amene sangamulankhule ngati m'bale."

Ndinayankha kuti ndamva. Lumbiro ndi lumbiro.

Lachisanu m'mawa chikwama chinali pakhomo, chomangidwa kale. Filimoni anali atapita kukasaka petulo. Ine ndinakhala pansi pa mtengo, jekete nditavala, ndikuyang'ana kumsewu.

A Stoyani anatuluka atavala malaya oyera. Anabwera molunjika kwa ine, Elena akuwatsatira, akuwanong'oneza zinazake ndi nkhope ya mantha. Anamukankhira pambali ndi dzanja. Anaima patsogolo panga. Kenako, pang'onopang'ono, mafupa akulira, anagwada.

Anagwada mwachizimayi. Mawondo onse pansi, thupi atalipendeketsa, mutu kumbali, manja akuwomba mofatsa. Sanachitire dala. Sabata yonse amene anawaona akundipatsa moni wa ulemu anali amayi okhaokha, ndiye anatengera zimene anaona. Anafuna kuti asanachoke andipatse ulemu wa kwathu kamodzi, chifukwa cha mwana wawo.

"Muli... bwanji... asewele."

Amake Filimoni anatseka pakamwa ndi chitenje. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana manja aja. Zala zokhota, chimodzi chodukira pakati, timizere takuda pansi pa khungu pamene malasha analowa m'bala n'kukhala momwemo. Manja otero ndawagwira ambiri. Eni ake ena ndinawanyamula. Ndinamvanso mmene ankapumira, kaphokoso kaja ka m'chifuwa kamene tonse a pansi timayenda nako.

Munthu wotero agwade m'fumbi pamaso panga?

"Dzuka," ndinatero. "Dzuka iwe, anthu akuona."

Ndinawagwira m'khwapa. Kudzuka kunakanika. Mawondo awo anakana, msana wanga unakana, tinatsala pang'ono kugwera limodzi pankhuku. Elena mbali iyi, amake Filimoni mbali iyo, anatiimiritsa ngati matumba awiri a chimanga. Titaima, tikupuma wefuwefu, ndidakali chigwirire mkono wawo, ndinalinena.

"Zidiravei."

Linali lalifupi ndithu. Silinandikande pakhosi monga ndinkayesera.

A Stoyani anandiyang'ana. "Zidiravei, sivate," anatero, motsitsa tsopano. Ndevu zija zinayambanso kuyandikira tsaya langa. Ndinaika dzanja pakati. Zina ndi zina, abale. Zimenezo ndakana ndipo ndidzakanabe.

Elena ananyamula chikwama kubwerera nacho kuchipinda, osafunsa aliyense. Podutsa ndinamuimitsa.

"Amake Tadala. Funso lija la bambo anu. Muwauze kuti mwana wanga anasankha bwino."

"Ndiwauza, baba."

Analowa m'nyumba mofulumira, ndipo anachedwa kutuluka.

Pamene ndikulemba pano a Stoyani adakalipo. Dzulo ndinapita nawo ku Kamandama, pachikumbutso cha anzathu ambirimbiri amene anafera mumgodi. Pamenepo sitinafune womasulira. Anavula chipewa ndisanavule changa. Pakhomo tagwirizana chonchi, osakambirana: m'chilankhulo chawo ine ndimati zidiravei, m'chilankhulo changa iwo amati muli bwanji, ali chiimire ngati mwamuna. Elena akagwada, iwo amayang'ana masamba a mango. Sanazolowere, ndipo sindikuwakakamiza.

Tsono ndibwere kwa inu, anzanga a imvi. Ana athu atha m'nyumba. Ali ku Joni, ku Botswana, ku Mangalande, kulikonse kumene kukupezeka buledi. Adzakwatira komweko, monga makolo athu anadzakwatira kuno. Tsiku lina galimoto idzaima pageti panu, m'menemo mudzatuluka munthu amene simukudziwa ngakhale dzina la chilankhulo chake, ndipo ameneyo adzakhala asewele anu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Simudzakhala ndi zaka zomuzoloweretsa.

Sindikuti titaye mwambo. Aliyense wolowa pano adzakhala pampando, adzamwa madzi, adzapuma, kenako adzalandira moni. Koma ndidzayamba ndatuma mwana wa m'nyumba akamuuze mlendoyo tanthauzo lake, ndipo andiuze ine za kwawo mpaka kumapeto.

Chifukwa ulemu uja timaperekera mlendo, kapena timadziperekera tokha? Ngati iye waunyamula ngati chipongwe n'kukwera nawo sitima, inu mudzatsala pakhomo panu, mwambo wonse mutausunga bwinobwino. Mudzakhala mutausungira yani?